Mapiri Okumbidwa a ku Zimbabwe ndi Ana a Machona a m'Malokeshoni a Harare

Ku Mbare, Mufakose, Mabvuku ndi Tafara kuli mabanja ambiri amene mukawafunsa kwawo amatchula maina awiri. Loyamba ndi la mudzi wa ku Dedza, Ntcheu, Mangochi kapena Nkhata Bay umene sanauponde n'komwe. Lachiwiri ndi la mgodi, monga Shamva, Shabanie, Mhangura kapena Penhalonga. Kumudzi n'kumene agogo awo anachokera, koma kumgodi n'kumene bambo awo anabadwira, kuvinidwa ndi kukwatira. Choncho kuti timvetse za malokeshoni a Harare tiyenera kuyambira m'mapiri amene anakumbidwa kwa zaka zoposa 100.

Azungu sanayambitse migodi m'dziko lija. Ashona ankakumba golide kalekale, ndipo mafumu a Mwene Mutapa ankagulitsa golideyo kwa amalonda a m'mbali mwa nyanja yamchere, kenako kwa Apwitikizi a ku Sena ndi Tete. Gulu la atsamunda a Cecil Rhodes litafika pamene lero pali Harare mu September 1890, aliyense analonjezedwa malo 15 okumbapo golide. Ankaganiza kuti apeza chuma chonga cha ku Johannesburg, koma anapeza mitsitsi ya golide yobalalika, ndipo nthawi zambiri ankangotsata maenje akale a eni nthaka. Popeza miyalayo sinali yonona, njira yopezera phindu inali imodzi: kulipira antchito ndalama zochepa kwambiri.

Matauni anamera motsata miyala. Penhalonga, m'mapiri a kumpoto kwa Mutare, inakula ndi golide wa mgodi wa Rezende. Selukwe, imene lero ndi Shurugwi, inakhazikitsidwa mu 1899 ndipo inatchuka ndi chrome. Mgodi wa asibesitosi wa Shabanie unatsegulidwa mu 1916, ndipo Mashava nayo inali ndi migodi yake ya Gaths ndi King. Mtandadza wa mapiri wa Great Dyke, wotalika makilomita pafupifupi 550, unabala timatauni ngati Mutorashanga. Kamangidwe kake kanali kofanana paliponse. Mabwana ankakhala pamtunda pa kamphepo kayeziyezi, pomwe komboni ya antchito inkakhala kumunsi, pafupi ndi chigayo cha miyala ndi milu ya zotsalira.

Eni dziko ambiri anali ndi minda ndi ng'ombe, ndipo sankafuna kukhalitsa pansi pa nthaka. Makampani anayang'ana kumpoto kwa Zambezi. Mu 1903 kunakhazikitsidwa bungwe lolemba antchito la Rhodesian Native Labour Bureau, limene anthu ankalitcha chibalo chifukwa cha ukapolo wake. Ku Nyasaland msonkho unali utavuta, thangata nayo ili pakhosi, motero amuna ankanyamuka wapansi kudzera ku Tete ndi Mutoko, ulendo wa milungu ingapo. Pambuyo pake kunabwera magalimoto a Ulere ndi mabungwe ngati Mthandizi. Komiti ya boma la Nyasaland ya mu 1935 inayerekeza kuti anthu pafupifupi 120,000 anali kunja kwa dziko. Amene anasiya kulemba makalata ndi kutumiza ndalama ankatchedwa machona.

Moyo wa m'komboni m'zaka zoyambirira unali wowawa. Chakudya chinali ufa ndi mchere, ndiwo za apo ndi apo, ndipo chibayo ndi matenda otupitsa nkhama ankapha anthu ambiri. Fumbi la miyala linkalowa m'mapapo mwakachetechete. Koma antchitowo sanangopinda manja. Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay anagwirapo ukalaliki pa mgodi wa Shamva asanapite ku Cape Town, kumene anayambitsa bungwe la antchito la ICU mu 1919. Mu 1927 pa Shamva pomwepo panachitika sitalaka yaikulu imene anaitsogolera makamaka anali anthu a ku Nyasaland. M'makomboni momwemo munakhazikika madambwe a gule wamkulu, magulu a beni, mizikiti ya Ayao, mipingo ya CCAP ndi mabungwe othandizana pa maliro.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, matauni a migodi analowa m'nyengo imene okalamba amaikumbukirabe ndi chisangalalo. Mgodi wa kopa wa Mhangura unayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ndipo kampani inkapereka nyumba, madzi, magetsi, chipatala, sukulu ndi timu ya mpira. Ku Kamativi, kumene ankakumba tin, ndi ku Zvishavane, kumene kuli mgodi wa Shabanie, kunalinso chimodzimodzi. Zonsezi zinali za kampani, ndipo wantchito analibe pepala la nyumba imene anaberekeramo ana. Ngozi nazo sizinathe. Pa 6 June 1972 mgodi wa malasha wa Wankie unaphulika ndi kupha anthu 427, ena mwa iwo Amalawi.

M'nyengo yomweyo Salisbury, imene lero ndi Harare, inkakula, ndipo inkakula ndi zinthu zochokera m'mapiri aja. Lokeshoni ya Harari, imene lero ndi Mbare, inayamba mu 1907, Highfield m'zaka za m'ma 1930, kenako Mabvuku, Mufakose, Dzivarasekwa ndi Tafara. Nyumba zambiri za m'malokeshoniwa zinafoleredwa ndi malata a asibesitosi opangidwa ndi kampani ya Turnall kuchokera ku ulusi wa miyala ya ku Shabanie ndi Mashava, ndipo mapaipi ambiri a madzi a mumzindawo anali a asibesitosi wosakaniza ndi simenti. Mwamuna wotopa ndi mgodi akapeza ntchito ya ukhukhi, ulonda kapena ya m'fakitale mumzinda, ankagona pansi pa denga lochokera ku mwala womwe ankauphwanya uja.

Kugwa kunabwera motsatizana. Kamativi inatsekedwa mu 1994 mtengo wa tin utatsika padziko lonse. Mhangura inatseka mu 2000. Migodi ya Shabanie ndi Mashava, imene Mutumwa Mawere anaigula kwa kampani ya Turner & Newall, boma linailanda mu 2004, ndipo patangopita zaka zochepa ntchito inaima, antchito ambiri osalandira malipiro awo. South Africa italetsa asibesitosi mu 2008, msika waukulu wa malatawo unatsekeka. Mshona wochotsedwa ntchito ankalongedza katundu n'kubwerera kumudzi kwawo. Mdzukulu wa tchona analibe munda kumudzi kulikonse m'dzikomo, pakuti malamulo a atsamunda ankamuwerenga ngati mlendo wongodutsa. Ena anakakamira m'nyumba za kampani zopanda madzi, ena anathamangira kwa abale awo ku Epworth, Mbare ndi Mabvuku, n'kumachita lendi m'tizipinda ta kuseri kwa nyumba.

Kumeneko anakumana ndi mavuto ena awiri. Lamulo la unzika la mu 2001 linasandutsa ambiri obadwira m'Zimbabwe kukhala alendo chifukwa makolo awo anabadwira kunja, mpaka malamulo aakulu a dziko a mu 2013 anabwezera unzika kwa obadwira m'dzikomo amene kholo lawo linachokera m'maiko a SADC. Mu May 2005 boma linayamba kugumula nyumba zosavomerezeka pa ntchito ya Murambatsvina, ndipo nthumwi ya United Nations, Anna Tibaijuka, inati anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala kapena popezera ndalama. Akuluakulu a boma ankauza anthu kuti abwerere kumidzi, pamene ana a m'migodi midzi yawo inali makomboni otsekedwa.

Kumapiri kuja kunatsala mabala. Ku Zvishavane ndi Mashava milu yotuwa ya zotsalira za asibesitosi ikadali chiimire pafupi ndi nyumba za anthu, ndipo mphepo ya m'chilimwe imaulutsa fumbi lake. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti mitundu yonse ya asibesitosi imayambitsa khansa, ndipo matendawo amatha kuonekera patapita zaka 20 kapena 40. Lata losasweka siloopsa kwenikweni. Vuto limabuka likamachekedwa, kubooledwa kapena kufumbutuka ndi ukalamba, zimene zimachitika tsiku ndi tsiku m'malokeshoni pamene anthu akuwonjezera zipinda. Ku Hwange moto wa malasha umayaka pansi pa nthaka ndipo watentha ana oyenda pamwamba pake. M'mbali mwa Great Dyke muli maenje a chrome osakwiriridwa m'mene mumagwa ziweto.

Makampani akuluakulu atachoka, m'maenje awo munalowa makorokoza, anthu okumba golide ndi mapiki ndi mafosholo, ena ochokera m'malokeshoni a Harare momwemo chifukwa cha ulova. Iwo amagwiritsa ntchito mercury pokola golide, ndipo poizoniyo amatsikira m'mitsinje ngati Mazowe ndi Mutare. Mapiri okongola a Boterekwa ku Shurugwi asendedwa mpaka kuoneka dothi lofiira. Pa mgodi wa Redwing ku Penhalonga nthaka inagumuka mu January 2024 n'kutsekera anthu 15, amene mwamwayi anatuluka amoyo patapita masiku angapo. Boma linaletsa kukumba m'mitsinje chaka chomwecho, koma bungwe loteteza chilengedwe la EMA likulimbana ndi maenje amene eni ake anachoka kale, ena lamulo la zachilengedwe la mu 2002 lisanakhalepo.

Si matauni onse amene anafa. Zvishavane yapulumuka ndi platinum wa ku Mimosa, Shurugwi ndi wa ku Unki, ndipo nyumba zina za migodi ya asibesitosi zinasanduka makalasi a mayunivesite a Midlands State ndi Great Zimbabwe. Kamativi yatsegulidwanso chifukwa cha lithium, amenenso akukumbidwa ku Arcadia, kufupi ndi Harare. Ana a machona nawo asiya chizindikiro chawo: nyimbo za sungura za Alick Macheso ndi Nicholas Zakaria zinalowetsa Chichewa m'mawailesi a dziko lonse, ndipo gule wamkulu amatulukabe m'misewu ya Mabvuku ndi Mufakose.

Kwathu kuno nkhaniyi si yachilendo. Mgodi wa uranium wa Kayelekera ku Karonga unatsegulidwa mu 2009 n'kuima mu 2014 mitengo itagwa, ndipo tsopano maso a makampani ali pa mapiri a Kangankunde ku Balaka ndi Songwe ku Phalombe. Chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe. Zimene zinachitika ku Mhangura ndi Shabanie zikutiuza kuti mafunso a tsiku lotseka mgodi ayenera kuyankhidwa khasu lisanagwe pansi: ndalama zokwirira maenje zisungidwe kuti ndipo azisunga ndani, nyumba za antchito zidzakhala za yani, ndipo munthu wodwala mapapo patapita zaka 30 adzadandaula kwa yani kampani itasintha dzina. Agogo athu anapita ku Shamva ndi Selukwe popanda wowafunsira zimenezi, ndipo zidzukulu zawo ku Harare zikulipirabe.