Nkhongole ya Dziko Lathu m'Zaka 50 Zapitazi

Zaka 50 zimene mpingo wathu wakhala pano ndi zaka zomwezo zimene dziko la Zambia lakhala likulimbana ndi nkhongole. Akulu-akulu pakati pathu akumbukila mizele ya unga, saladi ndi sopo pa masitolo a boma. Gwelo la mizele ija linali mkuwa.

Pa nthawiyo pafupifupi ndalama zonse zakunja zinali kucokela ku mkuwa. Mu 1975 mtengo wake unagwa, pamene wa mafuta unali utakwela kale. Boma la a Kenneth Kaunda linayamba kukongola, poyembekeza kuti mkuwa udzakwelanso posacedwa. Sunakwele, ndipo bungwe la IMF linalamula kuti boma lileke kuthandizila mtengo wa unga. Mu December 1986 unga unadula, ku Kitwe ndi ku Ndola kunabuka cipolowe, anthu anafa. Pa 1 May 1987 a Kaunda anathetsa mgwilizano ndi IMF, nalengeza kuti okongoza adzalandila gawo limodzi cabe mwa magawo 10 a ndalama zocokela ku malonda akunja. Thandizo lakunja linaima, ndipo sipanapite nthawi yaitali boma linabwelela kwa okongoza omwe aja.

Mu June 1990 unga unadulanso, cipolowe cinafika mu Lusaka, ndipo Mwamba Luchembe analengeza pa wailesi kuti asilikali alanda boma, ngakhale kuti zinatha m'maola ocepa. Vuto la ndalama linali litasanduka la ndale. Mu December caka comweco Nyumba ya Malamulo inacotsa lamulo la cipani cimodzi. Pamene UNIP ndi MMD anakangana pa za malamulo atsopano a dziko mu 1991, atsogoleli a mipingo anakumanitsa a Kaunda ndi a Frederick Chiluba ku Cathedral of the Holy Cross. Masankho anacitika pa 31 October, ndipo a Kaunda anavomela kugonja mwamtendele.

Boma latsopano linapeza nkhongole ya madola pafupifupi 7 biliyoni. Linagulitsa makampani a boma ndi migodi, anthu ambili anacotsedwa nchito, ndipo odwala anayamba kulipila ku cipatala. Mu 1998 mabungwe atatu a mipingo, la Akatolika, la CCZ ndi la EFZ, anayambitsa nchito ya Jubilee 2000 m'dziko muno. Dzinali linacokela pa Levitiko 25, pamene pali lamulo la caka ca 50 comasula akapolo ndi kubweza minda kwa eni ake. Akhristu anasaina mapepala opempha kuti nkhongole ifafanizidwe. Mu April 2005, m'nthawi ya a Levy Mwanawasa, Zambia inakwanilitsa zofunika za pulogilamu ya HIPC, ndipo pofika 2006 nkhongole yakunja inatsika kufika pansi pa madola 1 biliyoni. Caka comweco malipilo anacotsedwa m'zipatala za kumidzi.

Koma makolo anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Mu 2012, 2014 ndi 2015 boma linakongola madola 3 biliyoni pa misika yakunja, kuwonjezela pa nkhongole zina zomangila misewu ndi malo opangila magetsi. Mu November 2020 dziko linalephela kulipila ciwongoladzanja ca madola 42.5 miliyoni. Panapita zaka zokambilana, mpaka mu June 2023 pamene maiko okongoza anavomela kutalikitsa nthawi yobwezela madola 6.3 biliyoni.

Kucokela pa kukhululukidwa kufika pa kulephelanso kulipila panangopita zaka 15. Tinapempha mwamphamvu kuti nkhongole yakale ifafanizidwe, koma pamene yatsopano inali kusainidwa ofunsa anali ocepa. Malamulo a dziko a mu 2016 amanena kuti Nyumba ya Malamulo ivomeleze nkhongole boma lisanakongole. Lamulo lotelo limagwila nchito pokhapo ngati anthu afunsa phungu wao kuti takongola zingati, kwa yani, ndipo adzabweza ndani. Ana a Sande Sukulu amene aimba pa cikondwelelo cino ndiwo adzalipila zotsala. Cifukwa ca iwo, tizifunsa mafunso amenewa ku boma, ndiponso tiziwayankha poyela pa ndalama za mpingo wathu.