Nkhasi ya m'Nyanja ya Malawi ndi Abale Ake a m'Madzi Amchere

Nkhasi ndi kamba wa m'madzi amene amapezeka m'Nyanja ya Malawi ndi mumtsinje wa Shire. Akatswiri amaitcha Cycloderma frenatum, dzina limene Wilhelm Peters wa ku Germany anaipatsa m'chaka cha 1854. Imapezekanso m'mitsinje ya Zambezi ndi Rovuma.

Chigoba cha nkhasi n'chophwatalala ndipo chimakutidwa ndi khungu. Yaikulu imapitirira masentimita 50 kutalika. Imadya nsomba ndi nkhono, ndipo imabisala m'matope kapena mumchenga wa pansi pa madzi osaya. M'boma la Nkhotakota, malo otere ali ku Chia komanso kumene mitsinje ya Bua ndi Dwangwa imathirira m'nyanja.

Akamba ena a m'madzi abwino amatha kupirira mchere. Mbale wa nkhasi wotchedwa Trionyx triunguis, wa mumtsinje wa Nile, amalowa m'Nyanja ya Mediterranean ndipo asodzi a ku Turkey amamukola m'makoka. Ku America kuli diamondback terrapin amene amakhala m'madambo a m'gombe, momwe madzi a mtsinje amasakanikirana ndi amchere. Iye ali ndi tiziwalo pafupi ndi maso totulutsira mchere m'thupi.

Nkhasi ya kuno ilibe kothawira kotere. Moyo wake wagona pa madzi opanda mchere ndi pa mchenga wa m'gombe, umene yaikazi imakumbamo dzenje n'kuikira mazira nyengo ya dzinja. Magombe omwewo ndiwo asodzi amakocheza mabwato, kukoka makoka ndi kuyanika usipa. Anthu ena amafukula mazirawo kapena kupha nkhasi kuti adye, pamene zina zimafera m'matchera chifukwa cholephera kukwera pamwamba kukapuma.

Bungwe la IUCN linaika nkhasi m'gulu la nyama zimene zili pachiopsezo chakutha. M'chaka cha 2016, msonkhano wa pangano la CITES mumzinda wa Johannesburg unagwirizana kuti malonda a nkhasi pakati pa mayiko azichitika ndi chilolezo, poona kuti akamba a mtunduwu amafunidwa kwambiri m'misika ya ku Asia.

Kuno ku Malawi, nthambi ya boma yoona za nyama zakuthengo ndiyo ili ndi udindo woteteza zamoyo zoterezi. Komabe msodzi amene wabwezera nkhasi yamoyo m'madzi, ndi mudzi umene wasiya mazira mumchenga, ndiwo angaipulumutse msanga.