Mbiri ya Chamba Ngati Mankhwala a Ululu

M'nkhani yathu ya mbiri yakale lero tikamba za chomera chimene ambiri a ife timachitchula monong'ona, ndicho chamba. Tikamba za icho poganizira anthu amene amagona ndi ululu nadzuka nawo chaka ndi chaka: agogo a nyamakazi, odwala khansa, ndiponso abambo aja a ku Mzimba amene adabwerako ku migodi ya ku Joni msana utatheratu. Mphekesera yakuti chamba tsopano ndi mankhwala yawafika anthu otere, ndipo ayenera kumva mutu wake weniweni wa nkhaniyi.

Chamba kwawo ndi ku Asia. Chidafika kuno ku Africa pamodzi ndi amalonda a panyanja ya India, ndipo ku Ethiopia akatswiri ofukula zakale adapeza zotsalira zake m'makaliwo a m'zaka za m'ma 1300. Kumwera, Azulu ankachitcha insangu, namachisutira m'nyanga ya ng'ombe yothiramo madzi. Motero pamene Angoni a Zwangendaba ankawoloka Zambezi mu 1835, pa ulendo umene udafikitsa ana awo ku Mzimba m'nthawi ya Inkosi M'mbelwa, ankachokera kudziko kumene chomerachi chidali chodziwika kale.

Amene adachilowetsa m'mabuku a madokotala a Azungu ndi W. B. O'Shaughnessy, dokotala wa ku Ireland amene ankagwira ntchito ku Calcutta. Iye ataona momwe asing'anga a ku India ankachitira, adayesa chamba pa odwala nyamakazi ndi kafumbata, nalemba zimene adapeza mu 1839. Kwa zaka zambiri pambuyo pake chamba chidagulitsidwa m'mabotolo m'nyumba za mankhwala za ku Britain ndi ku America. Komatu vuto lidalipo: botolo lina linkakhala lamphamvu, lina lozizira, ndipo dokotala sankadziwa muyeso woti apatse wodwala. Atabwera mankhwala a muyeso wodziwika monga aspirin, madokotala adachitaya.

Kenaka adadza malamulo. Pa msonkhano wa ku Geneva wa 1925 maiko adaika chamba m'gulu la zinthu zoyenera kulondedwa, ndipo pangano la United Nations la 1961 lidachiika pamodzi ndi mankhwala oopsetsetsa. Kuno kwathu lamulo la Dangerous Drugs Act, la m'nthawi ya atsamunda, lidaletsa kulima, kusunga ndi kugulitsa. Koma kuletsako sikudathetse ulimi wake. M'mapiri ndi m'madambo obisika a maboma a Mzimba ndi Nkhotakota chidapitirira kumera, ndipo chokulungidwa m'makoko a nthochi chidatchuka kunja ndi dzina lakuti Malawi Gold. Chidapita kwa osuta, osati kwa odwala.

Zinthu zidayamba kutembenuka mu 1964, pamene Raphael Mechoulam ndi Yechiel Gaoni, ku Israel, adapatula THC, mphamvu imene imaledzeretsa. Mphamvu ina, yotchedwa CBD, siledzeretsa. Pofika 1992 zidadziwika kuti thupi la munthu limapanga lokha timadzi tofanana ndi mphamvu za chamba, timene timathandiza mitsempha kuchepetsa uthenga wa ululu. Chigawo cha California chidaloleza chamba kwa odwala mu 1996, Canada mu 2001, ndipo kuno ku Africa dziko la Lesotho lidayamba kupereka ziphaso zolimira mu 2017.

Tsono odwala a kumaiko amenewo amachigwiritsa ntchito motani? Madokotala salimbikitsa kusuta, pakuti utsi umawononga mapapo. Wodwala amalandira mafuta odonthetsera kunsi kwa lilime, kapena mankhwala opopera m'kamwa monga Sativex, ndipo pabotolo amalembapo kuchuluka kwa THC ndi CBD. Amayamba ndi muyeso wochepa, kawirikawiri madzulo, nawonjezera pang'onopang'ono dokotala akuyang'anira. Ambiri amanena kuti ululu sutha, koma umazizira kufikira munthu apeza tulo.

Ngakhale zili tero, akatswiri sadamvane chimodzi. Mu 2017 bungwe la National Academies la ku America lidati pali umboni wokwanira wakuti chamba chimathandiza akuluakulu a ululu wokhalitsa. Koma mu 2019 bungwe la NICE la ku Britain lidalangiza madokotala kuti asachipereke pa ululu wotere, poona kuti phindu lake ndi lochepa poyerekeza ndi mtengo wake. Walira mvula walira matope: chamba chimadzetsa chizungulire ndi kuiwala, ena chimawagwira osatha kuchileka, ndipo kwa achinyamata chingathe kuutsa matenda a misala.

Ku Malaŵi, a Boniface Kadzamira, amene pa nthawiyo adali phungu wa kumpoto kwa Ntchisi, adadzutsa nkhaniyi m'Nyumba ya Malamulo mu 2015, anzawo ena naseka. Mbewu zidayesedwa ku Chitedze, ndipo mu February 2020 aphungu adavomereza lamulo lolola kulima chamba cha mankhwala, cha mafakitale ndi cha kafukufuku, pansi pa bungwe la Cannabis Regulatory Authority. Mitengo imene idalengezedwa chaka chomwecho idaika chiphaso cholimira chamba cha mankhwala pa madola 10,000 a ku America, ndalama zimene mlimi wa ku Jenda kapena ku Edingeni sakadazipeza payekha. Lamulolo silidaloleze kusuta, ndipo wopezeka ndi chamba popanda chilolezo ali ndi mlandu.

Mbiri imeneyi ikutiphunzitsa kuti chimene chidachotsa chamba m'manja mwa madokotala ndi kusowa muyeso, ndipo chimene chachibwezamo ndi muyeso womwewo. Chamba cha m'makoko a nthochi chilibe muyeso. Chifukwa chake inu amene muli ndi wodwala pakhomo, pitani naye kuchipatala cha boma pa Mzimba kapena cha mishoni ku Embangweni, kuti gwero la ululu wake lipimidwe. Pakuti m'dziko muno muli chithandizo cha matenda okhalitsa, ndipo kwa odwala khansa mulinso morphine wakumwa. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.