Mmene chingolopiyo amasankhira mnzake: mbiri ya funso

Mlimi wa ku Katete, Sinda kapena Vubwi amadziwa zinkhwe ngati mbalame zovutitsa m'munda mbewu zikamakhwima. Kutsetserekera kuchigwa cha Luangwa kuli mtundu wake waung'ono, chingolopiyo wobiriwira wa nkhope yofiira, amene George Shelley anamutcha Agapornis lilianae mu 1894 polemekeza Lilian Sclater. Mbalamezi zimayenda ziwiriziwiri ndipo zimagona m'mphako za mitengo ya tsanya. Kodi yaikazi imaona chiyani mwa yamphongo imene yasankha? Yankho lake lili ndi mbiri ya zaka pafupifupi 90, ndipo likukhudza thumba la makala logulitsidwa m'mbali mwa msewu wa Great East.

Nkhaniyi inayambira pa mbewa. Mu 1936, Peter Gorer wa ku London anapeza chomwe chimachititsa thupi kukana mnofu wochokera m'thupi lina. George Snell anapitiriza ntchitoyo mpaka kulandira nawo mphoto ya Nobel mu 1980. Zimene anapezazo ndi majini otchedwa MHC, tizinthu ta chibadwa tomwe timasonyeza asilikali a m'thupi zizindikiro za tizilombo toyambitsa matenda. Mwana akatenga MHC yosiyana kwa mayi ndi kwa bambo, thupi lake limazindikira adani ambiri. Mu 1976, Kunio Yamazaki ndi anzake ku New York anaona kuti mbewa zimakonda kukwerana ndi zinzawo za MHC yosiyana ndi yawo, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti zimazindikirana ndi fungo. Mu 1995, Claus Wedekind ku Bern anaona zofanana nazo mwa anthu ponunkhitsa amayi malaya amene amuna anagonera.

Mbalame zinabwera mochedwa, chifukwa ambiri ankakhulupirira kuti sizimva fungo. Mu 2005, David Richardson anapeza kuti timbalame tina ta ku Seychelles, tikakhala ndi mwamuna wa MHC yochepa, timabereka ndi wapadera wokhala ndi yochuluka. Wotsutsa anganene kuti Helena Westerdahl, pofufuza mbalame za m'bango ku Sweden mu 2004, sanapeze kusankha kotereku. Akunena zoona, si lamulo la mbalame zonse. Koma zinkhwe zatiphunzitsa mbali ina yolemera kwambiri: zomwe zimachitika pamene palibenso wosankha. Ku New Zealand, zinkhwe zotchedwa kakapo zinatsala 51 zokha mu 1995. Zinakwerana pachibale, mazira ambiri sankaswa, ndipo mu 2019 matenda a m'mapapo anaphako zina. Matenda othothola nthenga ndi kupinditsa mlomo, amene anakantha zinkhwe za ku Mauritius mu 2005, anaonekanso mwa zingolopiyo za masaya akuda kummwera kwa Zambia. Matendawa sali kutali.

Mchewa sadabwa nazo izi, pakuti akuluakulu amafunsa chiwongo ukwati usanamangidwe. Koma kufunsako kumathandiza ngati pali midzi ina yokafunsirako mbeta. Tsanya akadulidwa kuti awotchedwe makala, gulu limodzi la zingolopiyo limagawika kukhala timagulu tosakumana, ndipo yaikazi, ngakhale idziwe kusankha, imangopeza achibale. Ku Liwonde, m'Malawi, Tiwonge Mzumara anasonyezanso kuti zambiri zimafa pamadziwe amene opha nyama mozemba athiramo poizoni.

Ena adzati wowotcha makala ali ndi ana ofuna chakudya ndi fizi, ndipo mbalame siingapose mwana. Palibe angakane zimenezo. Komabe chingolopiyo sakufuna nkhalango yonse. Akufuna mitengo ikuluikulu yamphako, imene imatenga zaka zochuluka kuti ikule, ndi mizere ya mitengo yolumikiza gulu lina ndi linzake. Izi zili m'manja mwa eni nthaka. Inu mafumu amene mumapita ku mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika mwezi wa Ogasiti, lamulani kuti mtengo wamphako usagwetsedwe m'dera lanu.