Ayironi ndi Chithokomiro: Kuchokera ku Geneva Kufika pa Chisi

Pa chilumba cha Chisi, m'nyanja ya Chilwa, mayi akamadandaula kuti thupi lalefuka, akuzizidwa ngakhale dzuwa likuswa mtengo, ndipo tsitsi likuthothoka, anzake amafulumira kunena kuti magazi achepa. Kawirikawiri salakwa. Koma kutopa ndi kuzizidwa komweko kumabweranso chithokomiro chikafooka. Kameneka ndi kachiwalo ka pakhosi kamene kamatulutsa mahomoni olamulira kutentha kwa thupi, kugunda kwa mtima ndi kukula kwa ubongo wa mwana. Kuchokera pamene ayodini anapezeka, panadutsa zaka zoyandikira 200 madokotala asanatsimikize kuti kuchepa kwa ayironi, kumene kumachepetsa magazi, kungathe kufoolanso kachiwaloka.

Poyamba maso onse anali pa ayodini. Mu 1811 Bernard Courtois wa ku France anapeza ayodini m'phulusa la zomera za m'nyanja ya mchere, ndipo mu 1820 dokotala wa ku Geneva, Jean-François Coindet, anayamba kumwetsa ayodini anthu otupa pakhosi. Zotupa zambiri zinaphwa. Mu 1914 Edward Kendall wa ku America anapatula homoni ya thyroxine, imene masiku ano imatchedwa T4 chifukwa imanyamula tizigawo tinayi ta ayodini. Kuyambira mu 1917 David Marine anapatsa ayodini atsikana a sukulu a mumzinda wa Akron n'kuonetsa kuti chotupa cha pakhosi chimapeweka. Dziko la Switzerland linayamba kuthira ayodini mu mchere mu 1922, ndipo ambiri anaona ngati nkhani yathera pomwepo.

Ayironi anali ndi mbiri yakeyake. Mu 1832 Pierre Blaud anatchuka ndi mapiritsi a ayironi amene ankapatsa atsikana otumbuluka nkhope. Kuyambira pamenepo ayironi ankadziwika ngati mankhwala a magazi basi. Dokotala wa magazi ankayang'ana m'zikope, wa chithokomiro ankapapasa pakhosi.

Chimene chinalumikiza nkhani ziwirizi ndi kuzizidwa. Mu 1990 John Beard ndi anzake a ku Pennsylvania anafalitsa zimene anapeza atakhazika amayi m'madzi ozizira. Amayi amene magazi awo anali ochepa chifukwa chosowa ayironi ankataya kutentha kwa thupi msanga kuposa anzawo, ndipo mahomoni awo a chithokomiro anali otsika.

Umboni wamphamvu unachokera mu Africa muno, m'midzi ya ku Danané, kumadzulo kwa Côte d'Ivoire. Michael Zimmermann ndi anzake anamwetsa mafuta a ayodini ana a sukulu amene anali ndi zotupa pakhosi. Patatha milungu 30, mwa ana amene magazi awo anali bwino, 12 okha pa 100 alionse ndi amene anali akadali ndi chotupa. Mwa ana osowa ayironi, 64 pa 100 anali akadali nacho. Mankhwala anali amodzi, mlingo umodzi, dera limodzi. Zotsatirazi zinatuluka mu 2000, ndipo mu 2002 Sonja Hess wa m'gulu lomwelo anaonetsa chifukwa chake poyesa makoswe: ayironi akachepa, mphamvu ya thyroid peroxidase imatsika, nthawi zina kupitirira theka. Thyroid peroxidase ndi kanthu ka m'chithokomiro kamene kamalumikiza ayodini kuti homoni ipangike, ndipo pakati pake penipeni pamakhala ayironi, monga mmene amakhalira m'magazi. Msodzi wosoka ukonde angamve msanga: ayodini ndi ulusi, ayironi ndi singano. Gulu lomweli linayesanso mchere wothira zonse ziwiri kumpoto kwa Morocco, ndipo zotupa za ana zinaphwa kwambiri kuposa za ana amene ankadya mchere wa ayodini yekha.

M'Malawi, lamulo lokakamiza kuti mchere wogulitsidwa ukhale wa ayodini linakhazikitsidwa mu 1995. Linali lamulo labwino, ndipo lagwira ntchito: zotupa zazikulu za pakhosi zimene agogo athu ankaziona m'madera a mapiri zasowa ndithu. Mbali ya ayironi ndi imene yatsalira. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 63 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu, komanso amayi 33 pa 100 a zaka 15 mpaka 49, anali ndi magazi ochepa. Si onse amene vuto lawo linali ayironi. Kafukufuku wa ana ochepa magazi kwambiri ku Blantyre ndi Chikwawa, amene anatuluka mu 2008, anaonetsa kuti malungo, njoka za m'mimba, HIV ndi kusowa kwa mavitamini zili ndi mbali yaikulu. N'chifukwa chake munthu wotopa amafunika kuyezedwa asanayambe kumeza mapiritsi.

Pa Chisi zinthu zonsezi zimakumana pamalo amodzi. Madzi osayenda a m'mabango ndi m'milulu ndi kwawo kwa udzudzu ndi nkhono za likodzo, ndipo likodzo limatayitsa magazi pang'onopang'ono kudzera m'mkodzo, mwana n'kumakula osadziwa kuti akutha. Nsima ya chimanga chogaya kuchigayo cha m'mudzi sikhala ndi ayironi wowonjezera amene amathiridwa mu ufa wa m'mafakitale. Tiyi womwera pa chakudya amatchinga ayironi wa m'nyemba ndi m'masamba kuti asalowe bwino m'thupi.

Chimene chakhala chikupulumutsa anthu a kuno ndi nsomba, makamaka matemba. Chifukwa amadyedwa athunthu, mutu ndi minga zomwe, amapereka ayironi wa mtundu umene thupi limaulandira mosavuta kuposa wa m'masamba. Koma Chilwa ndi nyanja yosaya, yopanda mtsinje wotulutsa madzi, ndipo imaphwa. Inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, chaka chomwe chija cha lamulo la mchere, ndipo mu 2018 anthu ankayenda pansi pamalo pamene mabwato a ku Kachulu ankadutsa. Nyanja ikauma, mchere wa ayodini umapezekabe m'magolosale, koma matemba, makumba ndi milamba zimachoka m'mbale. Iyi ndi nthawi imene a zaumoyo ayenera kuyang'ana kwambiri amayi oyembekezera, pakuti m'miyezi yoyambirira mwana wa m'mimba amadalira T4 ya mayi ake kuti ubongo wake ukule. Mu 2007 gulu la Zimmermann linapeza kuti ngakhale ku Switzerland, amayi apakati osowa ayironi ndi amene kawirikawiri ankakhala ndi T4 yotsika.

Zomba nayo yalowa m'mbiri imeneyi. Kafukufuku wotchedwa REVAMP, amene anachitika m'zipatala za ku Zomba ndi Blantyre n'kufalitsidwa mu 2023, anayerekeza mapiritsi a ayironi ndi ayironi wolowetsa kamodzi kudzera mumtsempha. Amayi apakati amene analandira wa mumtsempha anapezeka kuti ayironi wawo wakwera bwino kuposa anzawo a mapiritsi. Kwa mayi wa pachilumba, amene ulendo wake wa ku chipatala chachikulu cha Zomba umayamba ndi bwato, thandizo lolandira kamodzi n'lofunika kulilingalira mozama.

Pakadali pano chimene chili m'manja mwa ambiri ndi mapiritsi owonjezera magazi a kusikelo, amene amayi ena amawasiya chifukwa cha nseru ndi kudzimbidwa. Kuwamwa usiku pogona kumachepetsa nseru kwa ambiri, ndipo sayenera kumwera tiyi. Amene akumwa kale mankhwala a chithokomiro otchedwa levothyroxine asamwere limodzi ndi mapiritsi a ayironi, chifukwa ziwirizi zimamatana m'matumbo, mankhwala a chithokomiro osalowa m'magazi. Madokotala amalangiza kuti pakati pake pazidutsa maola anayi.