Khoswe wa pamkhate: mbiri ya foni m'zipatala za ku Britain

M'zaka za m'ma 1990, munthu ukalowa m'chipatala cha boma ku Britain, choyamba kukulonjera pakhomo chinkakhala chikwangwani cha foni ya m'manja yodulidwa ndi mzere wofiira. Wodwala, wozonda matenda, namwino ngakhale dokotala, onse ankauzidwa kuti athimitse. Lero dokotala amayenda nayo m'thumba, ndipo akafuna kutsimikiza mlingo wa mankhwala kapena kuitana mnzake wa ku opaleshoni amaitulutsa wodwala akuona. Ena amati apa ndiye mwambo wa chipatala unalowa pansi. Koma mbiri yake ikulozera kwina: chiletso chija chinkalondera khomo lolakwika, ndipo lamulo limene lapirira ndi lakale kuposa foni, lakuti zimene waona pa thupi la wodwala si zako zoti ugawire anthu.

Chifukwa cha chiletsocho chinali mantha oti mphamvu yotuluka mu foni ingasokoneze makina othandiza kupuma, oyang'anira kugunda kwa mtima ndi opopera mankhwala m'mitsempha. Manthawo sanali opanda pake, koma atayesedwa anapezeka kuti ndi ochepa. Mu 1997, bungwe la boma la Medical Devices Agency linapeza kuti foni ikakhala pa mtunda wa mita imodzi, makina 4 okha pa 100 aliwonse ndiwo ankasokonezeka. Mawailesi a uthenga a anthu a ambulansi ndi ena opulumutsa pangozi ankasokoneza makina 41 pa 100, ndipo a anthu okankha odwala pa matrole m'chipatala momwemo ankasokoneza 35 pa 100. Chipangizo choletsedwa chinali chofatsa kuposa chovomerezeka. Mu 2007 akatswiri a ku Mayo Clinic ku America anayesa mafoni maulendo 300 m'zipinda 75 za odwala, osapeza vuto. Pamenepa n'kuti anthu atayamba kale kung'ung'udza, poti m'mawodi ambiri munali mafoni a pabedi a kampani ya Patientline, ndipo wachibale woimbira wodwala ankalipira mpaka mapeni 49 pa mphindi imodzi. Mu January 2009 unduna wa zaumoyo unalangiza zipatala kuti zilole mafoni paliponse pamene n'zotheka, kupatula pafupi ndi makina osachedwa kusokonezeka.

Chodabwitsa n'chakuti chikwangwani chinkatsitsidwa pa nthawi yomwe foni inali itasanduka chinthu china. Inali itamera diso, ndipo Facebook inali itaipatsa bwalo. Ngozi inachoka pa makina n'kupita pa ulemu wa munthu wogona pabedi, ndipo ngozi imeneyi madokotala anali ataidziwa kalekale. Lumbiro lotchulidwa dzina la Hippocrates, la ku Greece zaka zoposa 2,000 zapitazo, limamanga sing'anga kuti asaulule zimene waona kapena kumva pochiritsa. Mu 1803 Thomas Percival, dokotala wa ku Manchester, anatulutsa buku la makhalidwe a madokotala momwe analangiza kuti m'mawodi akuluakulu wodwala azifunsidwa za matenda ake ndi mawu otsika, oti wa pabedi loyandikana asamve. Tangoganizani wodi ya nthawi imeneyo: mabedi ndondondo, munthu akufotokoza nthenda ya kumalo obisika, anzake atatchera khutu. Percival ankaopa makutu ochepa a m'chipinda chimodzi. Gulu la pa WhatsApp ndi wodi yomweyo, kungoti ilibe khoma.

Kamera nayonso si mlendo m'chipatala. M'zaka za m'ma 1850, dokotala Hugh Welch Diamond ankajambula amayi odwala matenda a maganizo ku Surrey County Asylum, pokhulupirira kuti nkhope imaonetsa nthenda. Zithunzizo zilipobe, ndipo aliyense angathe kuziona pa intaneti, eni ake atapita kalekale. Madzi akatayika saoleka.

N'chifukwa chake malamulo obwera pambuyo pa 2009 sanalimbanenso ndi chipangizo, analimbana ndi khalidwe. Chaka chomwecho, madokotala ndi anamwino 7 a pa Great Western Hospital ku Swindon anaimitsidwa ntchito atajambulana atagona chafufumimba pansi m'wodi, pa matrole otsitsimutsira odwala ndi pabwalo lotera helikopita, n'kuika zithunzizo pa Facebook potsata kamasewera kamene kanatchuka masiku amenewo. Mu 2013 bungwe loyang'anira madokotala la General Medical Council linatulutsa malangizo ake a masamba a mchezo, ndipo mfundo yake inali yosavuta: zimene dokotala sangachite pamaso pa wodwala asazichitenso pa intaneti. Apa pali wotsutsa woyamba, ndipo mawu ake amamveka m'zipatala zambiri: ngati dzina sindinalembe, ndalakwira ndani? Yankho lili m'malangizo omwewo, loti timfundo tating'onoting'ono tikaphatikizana timaulula munthu. Msinkhu, tsiku, mtundu wa ngozi ndi dzina la tauni, zinayi zokhazi n'zokwanira kuti mlamu wake amuzindikire. Ndipo si onse ojambula amene amakhala ndi mtima wophunzitsa. Mu 2015 atolankhani a ProPublica ku America anawerenga milandu 35, kuyambira 2012, ya ogwira ntchito m'nyumba zosamalira okalamba amene anafalitsa zithunzi za nkhalamba, zina zili maliseche, ambiri kudzera pa Snapchat.

Wotsutsa wachiwiri ndi wamphamvu kuposa woyambayo. Iye amati ngati zili choncho, chikwangwani chibwerere, aliyense azisiya foni m'kabati polowa ntchito. Foni imaba maso a namwino, imanyamula tizilombo kuchoka ku dzanja kupita ku dzanja, ndipo yemwe alibe kamera sangajambule. Zonsezi n'zoona. Chimene wotsutsayu amaiwala n'chakuti chipatala chimayenda ndi uthenga, ndipo chipangizo chomwe chinkapatsidwa kwa ogwira ntchito chinali chitakalamba. Kachipangizo kotchedwa pager kanayamba kulira m'matumba a madokotala pa St Thomas' Hospital ku London mu 1956. Kakalira, dokotala amasiya zomwe akuchita, n'kusaka foni ya pakhoma, n'kuimba nambala yomwe yaoneka, mwina n'kupeza woitanayo wachokapo. Pofika February 2019, pamene nduna ya zaumoyo Matt Hancock inalamula kuti tizipangizoti tichotsedwe, zipatala za boma zinali nato pafupifupi 130,000. Munthu amene kunyumba amatumiza chithunzi m'kamphindi sangadikire njira yotere wodwala akutaya magazi. Pa moto wa ku Grenfell Tower ndi pa bomba la ku Manchester Arena mu 2017, magulu a madokotala anadalira WhatsApp poitanizana, ndipo mu November 2018 akuluakulu a zaumoyo ku England anavomereza zomwe zinkachitika kale, n'kuika malire: foni ikhale yotseka ndi nambala yachinsinsi, uthenga usamaoneke pagalasi foni ili chitsekere, ndipo zolembedwazo zisamutsidwire mu failo ya wodwala n'kufufutidwa. Ngakhale kuno kwathu phindu lake linaoneka msanga, poti mu 2008 chipatala cha St Gabriel ku Namitete chinayamba kulumikizana ndi odzipereka a m'midzi kudzera pa mauthenga a pafoni, m'malo moti munthu apalase njinga mtunda wautali kukanena za wodwala mmodzi. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo yemwe akufuna kuphwanya foni aphwanyira limodzi ntchito imene yakhazikika pa foniyo.

Koma lamulo la khalidwe lili ndi msampha wake, wakuti katundu yense amasenzetsedwa namwino wa usiku, bwana wake n'kusamba m'manja. Kuuza munthu kuti asunge chinsinsi, osamupatsa njira yotetezeka yotumizira chithunzi cha bala kwa dokotala yemwe ali kutali, n'kumukankhira ku foni yake yomwe, mmene chithunzi cha bala chimakakhala pakati pa zithunzi za ukwati ndi za ana. Nkhani ina ya ku Scotland ikuonetsa bwino komwe mlandu umagwera. Pakati pa April 2020 ndi April 2022, mliri wa Covid-19 uli mkati, ogwira ntchito 26 a bungwe loyendetsa zipatala la NHS Lanarkshire anali pagulu la WhatsApp pomwe panaikidwa mayina, manambala a foni, maadiresi ndi zithunzi zokhudza odwala maulendo oposa 500, ndipo munthu wina wosagwira ntchito pamenepo analowetsedwa pagululo molakwitsa. Ofesi yoteteza zinsinsi za anthu ya Information Commissioner's Office itafufuza, mu 2023 inadzudzula bungwe loyendetsa zipatalazo, osati anthu 26 aja, chifukwa linalola WhatsApp pa mafoni a ntchito lisanakonze malamulo omveka a kagwiritsidwe kake.