Kufufuza Vuto la Moto wa Injini ya Galimoto

Injini ya petulo imalira mapulagi akathetheka moto. Magetsi ake amachokera kubatire, n'kudzera pa fyuzi, swichi ya kiyi ndi koyilo, imene imakweza mavoti 12 kufika masauzande ambiri. Pena pakaduka panjirayi, galimoto imakana kulira kapena imanjenjemera.

Makaniko wodziwa ntchito amayamba ndi batire. Lodzaza bwino limaonetsa mavoti 12.6 pa mita, ndipo potembenuza sitata lisatsike kupitirira 9.6. Mitu yake ikachita dzimbiri imanamiza anthu ambiri, mpaka kugula koyilo yatsopano pomwe vuto linali longofuna kupala. Kenaka amaona fyuzi ndi waya wa ethi, ndipo pomaliza amazula pulagi, kuigunditsa kuchitsulo cha injini, wina n'kutembenuza kiyi. Moto wabuluu ndi wabwino. Wofooka, wachikasu, ukuloza kukoyilo kapena mawaya.

Galimoto monga Toyota Sienta, zochuluka pamsewu wa M3 wodutsa pa Njuli ndi Namadzi, zili ndi koyilo pa pulagi iliyonse. Imodzi ikakayikitsa, isinthanitseni ndi inzake: vuto likasamukira kusilinda ina, wolakwa wapezeka. Moto ukasowa pa mapulagi onse, ganizirani sensa ya kirankishafuti. Makina a kompyuta amathandizanso: akaonetsa P0301 ndiye kuti silinda yoyamba ikuphonya.

Ku Chiradzulu chinyontho cha chiperoni, cha m'ma June ndi July, chimathawitsa moto pa mawaya ong'aluka. Umitsani kaye mawayawo musanakwere basi kukagula zipangizo ku Limbe.